Nzeru za Pansi pa Bedi

Kalipentala uja anthu ankangomutchula kuti Pensulo, chifukwa pensulo sinkachoka pakhutu pake ngakhale posamba. Nzeru anali nazo zambiri ngati utuchi wa m'shedi mwake, koma posungira ndiye panalibe. Ganizo likamubwerera ankalilemba pa thabwa lililonse limene linali pafupi, mawa lake thabwalo n'kulikhomera pa bedi kapena kabati ya munthu. Mwini katundu akabwera kudzatenga, nzeru zinkapitira limodzi.

"Ine ndine wopatsa," ankadziseka yekha. "Ukagula tebulo, mutu wanga ndi basela."

Nthabwala zinatha bambo ake atadwala sitiroko. Mbali yakumanzere inafooka, ndipo akakhala pa sofa ya pabalaza ankamira, osathanso kudzuka okha. Munthu amene anakalamba akuyendetsa malole, lero mpongozi azimukoka m'khwapa popita kuchimbudzi! Manyazi anawagwira mpaka anayamba kukana madzi ndi tiyi kuti asamavutitse anthu.

Mpando woti uwathandize Pensulo anali atauganiza kale: wautali, wolimba, chogwirira chakumanja chotulukira kutsogolo kuti mkono wamphamvuwo uzikankhira. Anawayeza bambo akewo, najambula zonse bwinobwino. Kungoti muyeso wa miyendo ya mpandowo unapita ndi bedi la aphunzitsi, wa chogwirira unapita ndi benchi la wometa tsitsi.

Tsiku lina mkazi wake anaima pakhomo la shedi, manja m'chiuno.

"Bambo a ana, milomo ya adadi yauma gwa. Mpando uja uli pati?"

"Uli m'mutu."

"Ndiye tiwakhazike pamutu panupo?"

Mawu amenewo anamulasa. Anavala nsapato, ulendo kwa aphunzitsi. "Pepani, ndimati ndione pansi pa bedi lanu." Anakwawa chafufumimba, bambo wamkulu wa ana atatu, akuwalitsa ndi foni. Muyeso anaupeza, pambali pake pali pulani ya khola la nkhuku limene sanalimange mpaka lero. Kwa wometa anagona chagada pansi pa benchi, makasitomala atakweza miyendo.

"Mwataya chiyani, a Pensulo?" anafunsa wometayo.

"Nzeru."

"Pepani, tasesa kale."

Anabwerera kunyumba mbuu ndi fumbi, tsitsi la eni litamatirira kumsana, koma akuyenda monyada ngati wapha mkango. Mkazi wake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Adadi ali pabalaza pomwepa ndi miyendo yawo yomwe. Simukanangowayezanso?"

Pensulo anayamba kudzisansa fumbi lija. Pa nzeru zake zonse zija, imeneyo sinamufikire.

Mayiyo sanadikire yankho. Anatola thabwa limodzi lalitali, natenga hamala, n'kulikhoma mopingasa pakhomo la shedi, molingana ndi mphumi ya mwamuna wake.

"Zonse muzilemba apa. Za mpando pamwamba, maloto enawo pansi, adikire. Ndipo thabwali silichoka mpaka adadi atadzuka okha."

Polowa, gu! Potuluka, gu! "Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya," ankadandaula akusisita chotupa, "koma wanga wayamba ndi matabwa." Ali mkati mocheka, linamubwerera ganizo la shelefu yozungulira, lokoma zedi. Analilemba kumunsi kwa thabwa lija, mtima ukuwawa, n'kubwerera ku macheka.

Mpando unalowa pabalaza wopanda vanishi, ukununkha guluu. Anawakhazika bambo aja, onse n'kubwerera m'mbuyo. Mkuluyo anagwira chogwirira, nakankha mpaka anaima. Anakhalanso, n'kudzukanso, osayang'ana munthu. Pensulo misozi inalengeza, ndipo anayamba kunamizira utuchi.

Bambo ake anakonza pakhosi.

"Mpongozi, tandipatsani madzi. Muthire m'kapu yaikulu ija."