Ulendo wa ku Zilumba Unandisiya ku Dimba

Ndikukumbukira chaka chimene adada anajambula ulendo wathu pa dothi la pabwalo ndi phesi la chimanga. Tinali titangomaliza kukumba mtedza kwathu ku Chikomeni, mphepo yachisanu ikung'amba milomo, ine ndili kamtsikana kosatha kusenza ndowa yodzaza. Adada anagwada nkulemba kadontho: apa ndi pano. Mzere mpaka pa boma la Lundazi. Mzere wina kudutsa malire, Mzimba, Mzuzu, kutsetsereka mpaka pa doko la sitima. Kenako anasalaza dothi ndi chikhatho, malo aakulu ngati lichero, nkunena kuti amenewo ndi madzi. Pakati pake anaikapo makoko awiri a mtedza, lalikulu Likoma, laling'ono Chizumulu. Nkhuku inabwera nkujompha Chizumulu, ndipo amama anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Amama kwawo kunali ku Chizumulu komweko. Anabwera ku Lundazi ali namwali, kudzalera ana a mkulu wawo amene mwamuna wake ankagwira ntchito pa boma. Banja lija litabwerera, iwo anatsala, atakwatiwa ndi adada, a Zimba, Mngoni wa ng'ombe. Chichokereni sanapondekonso kwawo. Chaka cha ulendo chija wogulitsa usipa pa msika wa Lundazi, munthu wa kunyanja, anawauza kuti amayi awo maso achita khungu, miyendo yatupa, ndipo amangofunsa za mwana wawo amene anapita kumtunda. Amama anabwerera kunyumba osagula mchere umene anapitira.

Ulendo wake unali waufupi, masabata awiri basi: kukaona agogo pa Chizumulu, kuwolokera pa Likoma kwa amalume, nkubwerera mvula isanayambe. Koma unali ndi kamchira. Nthawi ya chilimwe adada ankagwira ganyu yolambula misewu m'nkhalango ya nyama ya Lukusuzi, kuseri kwa mapiri athu, kumene munthu wamba sankapitako. Amama zaka zonsezo anali asanaonepo njovu, ankangomva kuti zadya chimanga cha uje. Adada nawo anali asanaonepo madzi opanda tsidya. Ndiye anapangana kuti amama akaonetse adada nyanja yawo, ndipo tikabwerako adada adzationetsa njovu zawo. Ankazitchula choncho, njovu zawo, ngati ali nazo m'khola.

Amama ndi adada ankanyogodolana tsiku ndi tsiku, uku manja akusenda mtedza.

"A Zimba, inu amene mumagona tsidya mtsinje ukangofika m'mawondo, mukakwera sitima ya pamadzi inu?"

"Ndikakwela. Nanga pa kachilumba kanuko ng'ombe zimadya kuti?"

"Kulibe ng'ombe."

"Aa! Ndiye anthu amakwatila bwanji?"

Tonse tinaseka, ine kusekera kuti akuluakulu aseka.

Masiku amenewo nyumba yathu inkanunkhira mtedza wokazinga. Tinasinja chiponde, tinapuntha chimanga cha ufa woyera, poti amama ankati kwawo ndi kwa chinangwa, ufa wa chimanga ndi mphatso ya ulemu. Anandisokera diresi lobiriwira ndi manja, nkulipinda kawiri m'munsi kuti ndidzakule nalo. Pondiluka tsitsi ankandiphunzitsa za kumeneko: kuti sitima ikayamba kuvina ndiziyang'ana kutali, osati pa madzi, kuti agogo saona, choncho ndikagwade pafupi kuti akandigwire nkhope, kuti kuli milambe ikuluikulu yoti ana khumi sangaizungulire ndi manja, ndi madzi oyera oti umaona zala zako za kumapazi utamira mpaka m'khosi. Ine ndinauza mudzi wonse. Ndinauza anzanga ku chitsime, ndinauza aphunzitsi, ndinauza ngakhale mbuzi. Lero mutandiona ndikumanga katundu nkundifunsa kumene ndikupita, ndingakuuzeni kuti ndikukachapa.

Kwathu munthu sanyamuka osatsazika akuluakulu, ndipo wamkulu wa ife anali ankhazi NyaZimba, mlongo wawo wa adada. Inu anzanga amene munakulira kuno mukudziwa: pa ana a mchimwene wake, mawu a ankhazi amalemera kuposa a mayi wobala. Tinapita tonse atatu kukagwada pakhonde pawo. Anawomba m'manja, "Yewo, yewo, mwende makola," kutifunira ulendo wabwino, nkupereka nkhuku yoti tikapatse agogo. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa uliwonse kudzathandiza kupeta ndi kumanga mitolo. Amama anati, "Ankhazi ako ndi munthu." Ndinawamva ndi makutu angawa.

Tsiku lonyamuka, lole ya mtedza yopita ku boma inali itaima pa sitolo ya pamphambano, anyamata akupakira matumba. Dzuwa linali litangotuluka. Ine ndinali nditavala kale diresi langa, ndikuyenda mosamala ngati ndasenza mazira. Ankhazi anafika ndi chikwanje m'manja.

"Towela, tiye ku dimba tikadule nzimbe za agogo ako. Kuzilumba kulibe nzimbe. Lole ikali kupakila."

Amama anali atawerama, akumanga miyendo ya nkhuku ija. Sanadzutse nkomwe mutu. Anangoti, "Mufulumire, mwanawe, usadetse diresi." Ndiwo mawu awo otsiriza amene ndili nawo.

Dimba la ankhazi tinalipitirira. Anati nzimbe zotsekemera zili ku dimba lina la kumunsi kwa dambo, la mnzawo. Mame ananyowetsa diresi mpaka m'chiuno, udzu ukundicheka miyendo. Titafika anayamba kusankha. Iyi yaing'ono. Iyi yalowa mbozi. Iyi agogo ako alibe mano oilumira. Ndiye ndinamva hutala ya lole, kutali, yaitali. Inaliranso. Ndinatembenuka kuti ndithamange, koma dzanja lawo linali litandigwira kale pamkono, louma ngati mpini wa khasu.

Sanakalipe. Anandikhazika pa mzere, nkukhala pambali panga, nkuyamba kundisendera nzimbe ndi chikwanje, bwinobwino, mfundo ndi mfundo.

"Mvetsela, mwana wa mlongo wanga. Ng'ombe zimene tinalowolela amako zinathela pa boma. Mlamu wawo anazigulitsa, poti ng'ombe sikwela bwato. Kwawo sanaoneko ngakhale mchila. Ndipo kumene kuja mwana ndi wa amalume ake, si wa atate ake. Ukakangoponda pa chilumba, akakuuza kuti wafika kwanu. Ife tili ndi bwato lokakutengela?"

Hutala inalira kachitatu, kenako inaleka. Ndinamva injini ikukwera chitunda, ikuchepa, ikuchepa, mpaka kunatsala kulira kwa njiwa basi. Nzimbe ija ndinaigwira osailuma mpaka nyerere zinayamba kukwera m'manja mwanga.

Zotsalazo ndinamva kwa amayi a pamudzi. Akuti amama anathamanga mudzi wonse akuitana dzina langa, anafika ku dimba la ankhazi nkupeza kulibe munthu. Dalaivala anali atakwiya. Adada anawauza kuti sitima imayenda kamodzi pa sabata, ikatisiya amayi anu mwina simuwapeza, mwana ali ndi ankhazi ake, ndi masabata awiri chabe. Anachita kuwakweza. Akuti anaimirira pamwamba pa matumba, atayang'ana kumbuyo, mpaka lole inakhota.

Adada anabwerako okha, ndi mtolo wa nsomba zouma. Anati agogo adwalika, amama atsala kuti awasamale, abwera posachedwa. Za nyanja sananene kanthu, ngakhale anthu ankawafunsa ngati anasanza m'sitima. Mvula inagwa, milatho inakokoloka. Ine madzulo aliwonse ndinkapita pamphambano, ndipo lole iliyonse inkandiimitsa mtima. Nthawi ya chimanga chachiwisi, wogulitsa usipa uja anatuma munthu: agogo anamwalira, ndipo amama anawatsatira pasanapite nthawi, ndi matenda a m'mimba. Anawaika pafupi ndi amayi awo.

Tinakhala maliro opanda mtembo. Ankhazi ndiwo analira kuposa onse, ndipo sindinganene kuti inali misozi yabodza. Koma atapukuta m'maso ndinawamva akuuza amayi anzawo kukhitchini, "Mwaona? Akanapita naye mwana, tikanataya awili." Amayi aja anavomera, inde, munachita bwino. Anandilera okha ankhazi. Sanandimenyepo, sanandimanepo chakudya, pa ukwati wanga anavina mpaka kutupa mapazi. Chimene chinandiphunzitsa kuopa anthu ndi chimenecho: sanali munthu woipa.

Chilimwe chotsatira adada anandikweza pa njinga, nkunena kuti tikukaona njovu. Mwina ankafuna kuti ulendo uja ukhaleko ndi mbali imodzi imene yachitika. Alonda a pachipata cha Lukusuzi ankawadziwa, anatilola kulowa pang'ono. Kunali kotentha, masamba a miombo ali ofiira ngati apsa, ntchentche za kashembe zikutiluma m'khosi kudutsa malaya. Tinaona mitengo yothyoledwa pakati, ndowe zazikulu zikadali zofunda, mapazi ozungulira ngati mbale pa mchenga wa mtsinje wouma. Njovu yeniyeni ayi. Tinakhala pa thanthwe kudya mbatata yozizira, kuli zii, kopanda tambala, kopanda mtondo, kopanda munthu.

Adada anayang'ana mbatata yawo nthawi yaitali.

"Ndinadziwa, Towela. Ankhazi ako anandiuza dzulo lake. Ndinati ndi masabata awili chabe."

Pobwerera njira inali ya miyala, njinga ikudumphadumpha, ndipo anandiuza kuti ndiwagwire m'chiuno ndingagwe. Ndinagwira chitsulo cha kaliyala mpaka kunyumba.

Lero zinthu zinasintha, sindikana. Maminibasi a ku Chipata amachita kukulimbirana, malire anthu amadutsa ngati akupita kumunda. Adzukulu anga amakonza ulendo pa foni atakhala pa mkeka, amaona chipinda chimene akagone asananyamuke. Mmodzi anandionetsa Chizumulu, akuchikulitsa ndi zala ziwiri, milambe ikuoneka, nkunena kuti agogo tiyeni tikuperekezeni, ndi masiku ochepa chabe, pobwerera tidzalowe ndi ku Lukusuzi. Ndinamufunsa ngati foni yakeyo imaonetsa manda. Anati ayi. Sindinavomere, sindinakane. Munthu akandiuza kuti ulendo ndi waufupi, ndimamuyang'ana m'maso kaye.

Za ng'ombe ndi amalume ana a masiku ano amaziseka. Mwana amapita kumene makolo ake afuna. Koma mantha aja sanafe, ndikuuzeni inu anzanga, poti ndimawamva m'chifuwa mwangamu. Mpongozi wanga ndi wa kutali, kwa anthu amene nawonso mwana ndi wa amalume. Akati akupita kukaona amayi ake ndi kamdzukulu kanga, mtima umandiuza zomwe zija unauza ankhazi, mawu ake omwewo. Ndiye tsiku limenelo ndimadzuka ndisanadzutsidwe. Mwanayo satumidwa ndi munthu aliyense, kaya kukatunga madzi, kaya kukatsazika azakhali, kaya kukagula chitumbuwa. Ndimamubereka ndekha, msana wowawawu, mpaka pa siteshoni. Ndimamuika pamiyendo pa mayi ake ndi manja anga, nkuima pawindo.

Makondakitala amandidziwa. "Agogo, mukwela kapena simukwela?"

Sindikwera. Ndimangoima pomwepo, dzuwa likundiwotcha, mpaka minibasi itadzaza, chitseko chitatsekedwa, ndipo ndaona ndi maso anga kuti apita onse awiri.