Mzere Umene Ndinausiya pa Fomu

Munthu wa malaya oyera akalowa mu wekishopu akumwetulira, ine thupi limandiuza kuti pali chimene chabisala. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikukulunga mamota ku Kitwe, anthu otere sanabwerepo ndi nkhani yabwino. Ena anabwera ndi kamera, ati kudzaona za chitetezo, mwezi wotsatira anzathu angapo anapatsidwa makalata owachotsa ntchito. Ena anabwera ndi makompyuta, ndipo kalaliki wathu wa m'sitolo, amene ankadziwa pamene pali bawuti aliyense, anakathera ku komboni ya Twapia kogulitsa makala.

Ntchito yathu ndi iyi. Mota yopopa madzi ikapsa pansi pa mgodi, amabwera nayo kwa ife. Timachotsa waya wopsayo, kukulungamo watsopano, kupaka vanishi, kuumitsa mu uvuni, n'kuibweza kuti ikagwire ntchito. Ndinaiphunzira kwa amisiri amene sankafotokoza kanthu. Ukalakwa ankangokulanda chitsulo m'manja, iwe n'kuima pambali ngati mlendo.

Tsiku lina bwana wathu analowa ndi bambo wina wamng'ono thupi, wa magalasi, atakolekera chikwama paphewa.

"Ba mudala," anatero bwanayo, "aba ni ba lecturer ba ku koleji ku Ndola. Bafuna mubauze vonse vamene muchita pa mota, kuti bana bakasiliza sukulu bazibwela kuno already baziba nchito."

Ndinagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinafunsa: adziwa kale ntchito ya ndani? Benchi yokulungira inali imodzi, ndipo ndinkaimapo ndi ine. Imvi zinali zitayamba, ana atatu ali pasukulu. Sindinafunikire wondimasulira.

Mphunzitsiyo anabwera katatu. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti anali munthu wabwino. Ankandipatsa moni m'Chibemba ngati aliyense, koma atamva kuti makolo anga anachokera ku Malawi, anasinthira ku Chinyanja, nati agogo ake aakazi nawonso anali a kumeneko. Mumtima ndinati eya, ayamba ndi chibale. Ankafunsa mafunso anzeru, osaopa kudetsa manja, mpaka anapempha kuti agwireko waya. Anandidandaulira kuti makampani akuwanyoza, ati ana awo amatuluka ndi mapepala okhaokha, mota yeniyeni sanaitsegulepo. Akanakhala wamwano ndikanamumvetsa. Koma ulemu wonsewu pa munthu wa ovolosi yamafuta? Ndinkangoyembekeza tsiku limene adzaonetse mano.

Kunyumba mayi a ana anandiseka. "Inu mumakayikira ngakhale mvula. Munthu akufuna kuthandiza ana, inu mwamuyesa wakuba." Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinafunsa mkulu wa mpingo mnzanga, amene anachotsedwa ntchito ku mgodi atangomaliza kuphunzitsa omulowa m'malo. Iye sanachulutse mawu. Anangoti ndilembe, koma ndisakhuthule thumba lonse.

Ulendo wachitatu mphunzitsi uja anabweretsa fomu. Anati ndilembe masitepe onse, kuyambira pamene mota yatsitsidwa pa lole mpaka pamene ikutuluka. Ndinalemba zoona zokhazokha. Sindine wabodza pa ntchito. Ndinalemba za kuyeza, za kutsuka, za mapepala otchinga waya, za kutentha kwa uvuni. Ndinangosiya mzere umodzi.

Mota iliyonse ili ndi kapuleti kachitsulo pambali, kolembedwa mphamvu yake ndi liwiro lake. Buku limati uwerenge kapuletiko, upeze nambala zake m'tebulo la m'bukumo, ukulunge motsatira. Kwa mota yatsopano zimenezo n'zoona. Koma mamota a m'migodi yathu ndi nkhalamba. Akulungidwa kambirimbiri ndi anthu osiyanasiyana, zivindikiro zasinthanitsidwa, ndipo tipuleti tina tinakhomedwa ndi munthu amene anangotola kalikonse pansi kuti mota ituluke pageti. Ndiye usanadule waya wakale, umayamba wachotsa koyilo imodzi, ndiye kuti mpukutu umodzi wa waya, bwinobwino, kuwerenga kuti waya wazungulira kangati, kuyeza kunenepa kwake, n'kujambula mmene analumikizira. Ukadula usanawerenge, wataya umboni wonse. Kapuleti kamanama, waya wopsa sanama. Chimenecho ndicho chinkandidyetsa, ndipo ndinachisunga.

Mphunzitsiyo anawerenga fomu yonse ataimirira. Kenaka anayang'ana kabuku kamafuta kamene kankasuzumira m'thumba la ovolosi yanga, momwe ndinkalembamo nambala za mota iliyonse yodutsa m'manja mwanga.

"Palibe china chimene mwaiwala, bambo? Nanga m'kabuku umo mumalembamo chiyani?"

"Nyimbo za kwaya," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Anaseka, anathokoza ndi manja awiri, napita. Madzulo amenewo ndinayenda kupita kokwerera minibasi ndikudzimva wochenjera kwambiri.

Zaka zinadutsa, palibe amene anandichotsa ntchito. Mayi a ana ankandikumbutsa zimenezi nthawi ndi nthawi, ine n'kumati ndi chifukwa cha mzere womwe uja. Chodabwitsa n'chakuti ndinkakhulupirira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti fomu ija adzaigwiritsa ntchito pondichotsa, komanso kuti inangoponyedwa m'dirowa n'kudyedwa ndi mphemvu. Zonse ziwiri zinkandikomera, pakuti mu zonse ziwiri wolakwa anali wina.

Mwana wanga wamkazi wotsiriza anasankha maphunziro a zamagetsi, pa koleji yomweyo. Ankakhala kwa azakhali ake ku Kabushi, ku Ndola komweko, kubwera kwathu patchuthi pokha. Ine ndinkamufunira ofesi. Abambo anga anali kalaliki wa pamgodi, wa cholembera m'thumba, ndipo mpaka kufa kwawo sanakondwere kuti ine ndinatsikira ku mafuta. Ndinkafuna kuti mwanayu abweze cholembera chija m'banja. Choncho nkhani za ntchito sindinkalowa nazo m'nyumba, ngakhale manja ndinkasambira panja. Akandifunsa za mamota ndinkamudula. "Iwe werenga, udzakhale bwana wa anthu ngati ife. Za waya zisiye." Anafunsa kawiri kapena katatu, kenaka analeka.

Atamaliza maphunziro anakhala nthawi yaitali osapeza ntchito. Ankathandiza azakhali ake kugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, makalata ofunsira ntchito akungopita osabwerera. Ine ndinali ndi yankho lokonzeka: makampani ndi akuba, makoleji ndi abodza, ntchito amapatsana pachibale. Ndinkalankhula zimenezi mokweza, aliyense wofuna kumva amve.

Loweruka lina masana ndinali pakhonde ndikukonza wailesi, pamene ndinaona mwana wanga uja akulowa pageti. Sanatiuze kuti akubwera. Anagwada kupereka moni. Amayi ake anali kumsika.

Anandiuza kuti wekishopu ina yaing'ono ku Ndola inaitana iye ndi ena awiri kuti ayesedwe kwa mlungu umodzi, malo ali amodzi. Sanatiuze, pakuti ankafuna kudzangotionetsa kalata yomulemba ntchito. Aliyense anapatsidwa mota yakale yopsa kuti aikulunge. Iye anagwira masiku anayi, ndipo kapitawo anayamikira ukhondo wa ntchito yake pamaso pa anzakewo. Lachisanu anailumikiza ku magetsi. Inang'ung'udza, inatentha, fungo la vanishi linadzaza nyumba yonse. Malo anatenga mnyamata amene anakulira pa benchi ya amalume ake.

Ndinadziwa yankho ndisanafunse, komabe ndinafunsa.

"Waya wakale unawerenga usanadule?"

"Kuwerenga bwanji, adadi? Ninawerenga plate, napeza mu table, nachita monga mwamene anatiphunzitsira. Step by step. Onani."

Anatulutsa m'chikwama mapepala omangidwa pamodzi, okutha m'makona, odzaza mizere ya cholembera chofiira. Anali atawaloweza. Pamwamba panalembedwa kuti masitepe amenewa anachokera kwa amisiri a m'makampani, ndipo koleji ikuwathokoza. Ndinayamba kuwerenga. Anawamasulira m'Chingerezi chabwino, koma ndinazindikira mayendedwe anga monga munthu amazindikirira nsapato zake pakhomo la tchalitchi. Ngakhale chenjezo langa loti vanishi safuna phuma linalimo. Mphunzitsi uja sanasinthe kanthu, sanabise kanthu, sanagulitse kanthu. Anangotenga zimene ndinamupatsa n'kuzipereka kwa ana, chaka ndi chaka. Sitepe yachiwiri inati werengani kapuleti. Yachitatu inati dulani waya wakale.

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo. Ndinaganiza za ana ena onse amene anatuluka ndi mapepala omwewa, amene sindidzawadziwa, amene mwina anauzidwa kuti koleji sinawaphunzitse kanthu. Mwinanso ndinali mmodzi wa owaseka.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga kabuku kamafuta kaja. Ndinamuonetsa tsamba ndi tsamba: zimene kapuleti kananena mbali iyi, zimene ndinapeza powerenga waya mbali inayo. Anayendetsa chala m'mizere, akuona mmene nambala zikusiyanirana, ndipo nkhope yake inasintha. Chisoni chinachoka, kunabwera mkwiyo.

"So ni chinthu chaching'ono chabe? Mzere umodzi? Adadi, ba lecturer aja nawakwiyira maningi. Anali kutiuza ati izi zachokera ku industry. Bodza! Wamene analemba izi sanagwirepo mota yakale. Chifukwa chiyani sanabwere kufunsa anthu monga imwe?"

Kunali kosavuta kuvomereza. Ndikanangoti eya, mwana wanga, anthu a malaya oyera ndi otero, ndipo akanandikhulupirira, pakuti ndi zimene anakula akumva pakhonde pomwepo. Ndinayang'ana kabukuko m'manja mwake, zala zake zidakali ndi vanishi m'zikhadabo ngati zanga.

"Anabwera," ndinatero. "Katatu."