Tsiku Limene Bambo Adationetsa Linga

Bambo anga anali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale pafupi ndi Senga Bay. Kwawo kunali kumpoto, kumapiri a ku Rumphi, koma adakhalitsa ku Salima mpaka asodzi ankangowatchula kuti aphunzitsi athu. Mayi ndi a konkuno. Ana tidalipo atsikana awiri, ine wa zaka khumi ndi chimodzi ndi mng'ono wanga wa zaka zisanu.

Kuyambira kale bambo ankatilonjeza kuti adzatitenga kukaona Nkhotakota, tauni yakale imene ankaiphunzitsa m'kalasi. Chaka chimenecho, m'nyengo yozizira, adatiuza Lachisanu lina kuti mawa tikupita. Ine ndi mng'ono wanga tidavina. Koma mayi adapita kukatenga simbi. Adakolezamo makala n'kusita malaya onse a bambo, ndi akale omwe.

Ndidali nditamva kusukulu kuti kwatuluka lamulo loti aphunzitsi abwerere kuzigawo zakwawo. Masiku amenewo nkhani zotere zinkanenedwa monong'ona, ndipo sindidaganizeko kuti zikukhudza bambo. Kwa ine, kwawo kwa bambo kunali m'nyumba mwathu.

Tidanyamuka m'mamawa pa lole ya nsomba, mwera ukuwomba ngati ukufuna kutisenda khungu. Bambo adanyamula sutikesi yawo yaikulu. Nditafunsa, adati muli mabuku a mnzawo wina. Pa depoti ya ku Salima anyamata a malaya ofiira adaona makadi a chipani, kenaka tidakwera basi. Bambo, munthu wokonda kucheza ndi aliyense, adangofungatira mng'ono wanga m'jekete lawo njira yonse.

Titatsika ku Nkhotakota adasungitsa sutikesi ija m'golosale ina, ndipo pamenepo mpamene uphunzitsi wawo udadzuka. Adati malowa anthu akale ankawatchula kuti Linga, chifukwa panali mpanda wolimba wa amalonda a minyanga ndi akapolo. Adatiyendetsa m'tinjira ta mchenga pakati pa nyumba zothithikana, azibambo a mikanjo akutilonjera pamakonde atafunda mabulangete. Tidaona mzikiti wakale, makoma ake atang'aluka. Tidaima pansi pa mkuyu waukulu pamene amati anthu adakambirana zothetsa ukapolo. Ine ndi mng'ono wanga tidayesa kuukumbatira titagwirana manja, osafika ngakhale theka. Mayi adaseka, ndipo kunali kuseka kwawo kokha tsiku lonselo.

Kenaka tidatsikira kudoko. Nyanja inali yolusa, yotuwa, popanda bwato ndi limodzi lomwe pamadzi. Bambo adatilozera pamene ankakwezera anthu m'zombo kupita nawo tsidya. Mng'ono wanga adafunsa ngati anthuwo ankabwerako. Bambo adati ena ankabwera, koma adayankha akuyang'ana kumbali. Mayi adatembenuka n'kuyamba kubwerera okha kumsewu.

Masana tidadya mpunga ndi chambo m'kalesitilanti kena ka denga la malata, ndi tiyi wamkaka wotentha. Bambo adachotsa minga m'nsomba yanga ngati ndine khanda, ine n'kumakana kuti ndakula. Iwo mbale yawo sadaimalize.

Pobwerera ku depoti adakatenga sutikesi ija. Panali mabasi awiri, ina yolowera ku Salima, ina yolowera kumpoto. Kondakitala wa basi yakumpoto adalandira sutikesiyo n'kuiponya pamwamba. Ndidathamanga kukamuuza kuti walakwitsa, koma mayi adandigwira mkono.

Bambo adanjuta patsogolo pathu pafumbi, mathalauza awo ositasita aja.

"Ana anga, boma landituma kukaphunzitsa kwathu. Ndikakapeza nyumba ndidzabwera."

"Nanga bwanji simudanene?" ndidafunsa.

"Ndimafuna muone Linga mukuseka."

Mng'ono wanga adawakumbatira n'kuwapempha kuti adzamubweretsere nthochi. Iwo adavomera. Kenaka adanditambasulira dzanja. Ine ndidabisa manja anga m'juzi. Mtima udali utandiwawa kuti tsiku lonse anthu akulu awiri akhala akundinamiza, kundidyetsa chambo, kundionetsa mitengo. Mayi adanditsina kuti ndipereke moni wotsanzika, koma ndidayang'ana pansi. Bambo adadikira pang'ono, dzanja lili m'malere, kenaka adangondisisita pamutu n'kukwera. Basi itanyamuka mng'ono wanga adaithamangira akubayibitsa. Ine sindidadzutse mutu.

M'basi yathu mayi adandifotokozera motsitsa mawu, poopa makutu a anthu. Adati bambo adafuna kutitenga tonse, koma amalume adakana, akuti ana ndi a kuchikazi, sangapite kudziko la malowolo. Komanso agogo akuchikazi anali chigonere, opanda wina wowasamala. Adandiletsanso kulira mokweza, kuopa kuti wina angamve ngati tikunyoza boma. Ndidalirira m'chitenje chawo mpaka ku Salima.

Makalata ankabwera mwezi ndi mwezi. Pamapeto pa kalata iliyonse bambo ankalemba mzere wanga wandekha, kufunsa za masamu ndi ngati ndikumuthandiza mng'ono wanga kuwerenga. Mayi ankandipatsa pepala kuti ndiyankhe. Miyezi yoyamba ndinkakana chifukwa cha mkwiyo, pambuyo pake chifukwa cha manyazi. Ndinkati akadzabwera pa Khirisimasi ndidzapepesa pamaso.

Pa Khirisimasi sadabwere. Adalemba kuti akudwala chifuwa, kuzizira kwa kumapiri thupi lawo lidakuiwala. Pamenepo ndidalemba kalata ya masamba atatu, ndipo ndidakaiponya ndekha ku positi. Patapita masabata awiri kudabwera telegalamu kusukulu. Mphunzitsi wamkulu adabwera nayo kunyumba atavula chipewa. Mvula inali itadula msewu, choncho mayi adakafika maliro ataikidwa kale.

Adabwerako ndi sutikesi ija. Munali malaya, mabuku ndi makalata a mayi omangidwa ndi ulusi. Ndidafufuza paliponse, ndi m'matumba a jekete momwe, koma kalata yanga munalibe. Mlongo wawo wa bambo, amene adawadwazika, sadziwa kuwerenga, ndipo adauza mayi kuti masiku omalizawo kudabwera makalata angapo, ena bambo adawatsegula, ena ayi. Mpaka lero sindidziwa kuti yanga inali m'gulu liti.