Termometro ya Agogo a Chipewa Chofiira

Loweruka lililonse turuma yathu, kalasi yathu ya kusukulu, imapita kukacheza kunyumba ya okalamba, kuseri kwa mishoni. Anyamata amawaza nkhuni, atsikana amaimba, ine ntchito yanga ndi kuluza bawo. Wondiluzitsa ndi agogo ena a chipewa chofiira, ndipo akandidya nkhomo zonse amalengeza bwalo lonse limve.

"Desima kalase, chaka chakhumi pasikola, koma kuwerenga maenje anayi kukukanika! Kusikolako mumaphunzira kuyasamula?"

Mu Juni, chisanu chikayamba kuwaula masamba a mbatata, malamulo amachuluka. Wachifuwa amabwezedwa pachipata. Ena tonse kusamba m'manja, masikara ophimba kukamwa. Ndipo palibe wokalamba wotuluka kukaothera dzuwa airima, sisitere wowayang'anira, asanamuyeze kutentha kwa thupi.

Tsiku limenelo airima anali otanganidwa ndi wina wokana mankhwala. Agogo anasolola termometro m'khwapa n'kundipatsa.

"Kapereke, mbuli iwe."

Pambali panali kapu yawo ya cha, tiyi wotentha, ikufuka nthunzi. Ndinangoviikamo nsonga ya termometro, pang'ono chabe. Ndimafuna awatsekere m'nyumba tsiku limodzi, ndipumeko.

Airima anayang'ana kagalasiko, nkhope n'kusintha.

"Itanani galimoto. Awa apite kuchipatala ku Ulongwe pompano."

Ndinayembekeza kuti agogo alalate. Sanalalate. Anagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri. Bedi loyandikana nalo linali la mnzawo amene anapita ndi galimoto yomweyo Juni wathayo. Chomwe chinabwerako ndi bulangeti lokha.

Agogo anavula chipewa. Ndinali ndisanauonepo mutu wawo, waung'ono ngati wa khanda. Kenako anatulutsa kathumba ka nkhomo pansi pa pilo.

"Mdzukulu, usunge. Usapatse aliyense."

Mdzukulu! Bola akanandinena mbuli. Kunja dalaivala ankaliza kale injini, ndipo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: mantha okhawa awapha m'njira, ndipo wowapha ndine ndi kapu ya cha.

"Airima," mawu anatuluka ngati a mwanapiye m'masikara muja, "ayezeninso."

"Chifukwa?"

Ndinaloza kapu.

Airima anakutumula termometro, n'kuibwezera m'khwapa, dzanja lawo lili pamphumi pa agogo. Mphindi zimenezo sindidzaziiwala. Bwanji atapezeka akutenthadi? Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa theka.

Thupi linali bwinobwino.

Ndodo ya agogo inandipeza pamsana ndisanafike pakhomo. Airima anandigamula kutsuka zidebe za usiku Maloweruka anayi, ndi madzi a Juni. Anati ndipepese, ndinapepesa. Koma kunena zoona, masikara anandithandiza, chifukwa mantha atangotha pakamwa panakana kutsekeka ndi kuseka.

Loweruka lotsatira agogo anandidya nkhomo zonse monga mwa nthawi zonse. Kenako anandikoka khutu n'kuloza ndi mlomo mkulu wina wokonda kuliza mkonono.

"Uyo. Koma termometro yake uviike pang'ono, mbuli iwe, zongokwanira chipinda china. Osati za galimoto."