Buku la Jenerali ndalibisa ine

Agogo, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo buku lanu lija landiputira nkhani. Lija lachikopa lakalekale munapatsidwa ndi bwana wanu, lomwe mkulu wa asilikali analembamo za nkhondo zake. Mukukumbuka tsiku lomwe ndinakhazikapo kapu ya tiyi ku Ulongwe? Munandithamangitsa ndi ndodo mpaka kumsewu, kenako munandipakitsa polishi wa nsapato chikuto chonse. Ine nkumati, "Inu Chingerezi simutha, ine sukulu ndinathawa, ndiye Jenerali ameneyu akucheza ndi ndani?" Munaseka mpaka kutsokomola.

Pano amalume akuti ndi buku la ziwanda, ndi lomwe linakutengani inu ndi azakhali. Akufuna aliwotche mawa pa sadaka yanu. Ndalibisa kwanga ku Liwonde, ndiye akuti wolisunga ndi amene atsatire. Kwa anzanga akabaza ndimati zamkutu, koma dzulo lole inandiphonya pang'ono pamlatho. Ndikuopa, Agogo, sindinama. Koma mkombero wa kapu yanga ukadalipo pachikutopo, ndipo likununkhabe polishi uja. Iyayi, sindipereka. Machesi awowo akayatsire mbaula.