Dizilo ya lole nambala seveni

Ndinali nditangotha miyezi iwiri pa kakampani kena ka malole kumafakitale a ku Kafue, ndisanalembedwe ntchito mokhazikika. Malole athu ankanyamula feteleza. Ntchito yanga inali kulowetsa mu kompyuta zonse zimene malolewo adya: dizilo, matayala, malipiro a makaniko. Lisiti lililonse ndinkaliika pa nambala ya lole yake.

Pakutha pa mwezi, lipoti linaonetsa kuti lole nambala seveni yamwa dizilo yochuluka kuposa zinzake zonse. Dalaivala wake anali bambo wachikulire wa ku Nangongwe, wa tchalitchi chathu. Abwana anawauza kuti akhale kaye kunyumba, ndipo mphekesera inafala kuti ankagulitsa dizilo kwa alimi a ndiwo ku Shimabala.

Lachitatu, ndikusanja malisiti m'faelo, ndinaima pa lisiti lina la dizilo. Pakona pake panali nambala wani yolembedwa ndi bolopeni, koma yokhala ndi kamutu kopindika. Polowetsa mu kompyuta, ine ndinali nditaiwerenga seveni. Ndinafufuza ena, ndipo onse a dzanja lomwelo anakwana anayi. Ndinayesa kufafaniza mizere yolakwikayo, kompyuta inakana, poti mwezi unali utatsekedwa kale. Pambali pa mzere uliwonse panaoneka dzina langa ndi nthawi imene ndinaulowetsa.

Ndinabweza faelo pashelefu osauza munthu. Tsiku limenelo ndi lotsatira, ndinapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Akauntanti wathu, mayi wosakonda kuseka, akangosuntha mpando, ndinkaganiza kuti akubwera kwa ine. Ndinkadziona ndikutuluka pageti ndi kalata yondichotsa ntchito.

Lachisanu m'mawa, pokwerera minibasi, mkazi wa dalaivala uja anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, ndiwe uli pa kompyuta paja. Bamuna banga sagona. Niuzeko chabe, ni zoona?"

"Siniziba, bamayo," ndinatero, maso ali pansi.

Nditafika ku ofesi sindinakhale pansi. Ndinatenga malisiti anayi aja n'kuwaika patebulo la akauntanti.

"Ba madamu, nalakwitsa. Iyi dizilo ni ya nambala wani."

Anawayang'ana limodzilimodzi, osafulumira.

"Unaona liti?"

"Pa Chitatu."

"Manje unali kuyembekeza chani?"

Anatsegula mwezi uja ndi nambala yawo yachinsinsi, koma sanafafanize kanthu. Pansi pa mizere yanga analowetsa ina, yochotsa ndalamazo pa seveni n'kuziika pa wani, ndipo analemba chifukwa chake. Kenako anandiuza kuti ndinyamule faelo, tipite kwa abwana.

Abwana analankhula mokweza mpaka anthu a kugalaja anamva. Sanandichotse. Anandipatsa kalata yochenjeza, n'kuwonjezera miyezi itatu yondiyesa.

Dalaivala uja anabwerera Lolemba. Ndinawapeza akupukuta galasi la lole, ndipo ndinawauza zonse, mawu akutuluka modukaduka. Anamvetsera osandidula.

"Kulakwitsa nambala si mulandu," anatero. "Koma masiku yabili unali zii, ine bantu baniitana kawalala?"

Anapinda nsanza yawo bwinobwino, anakwera, n'kuliza injini. Panapita miyezi ingapo asanandipatsenso moni wa dzanja kutchalitchi.