Mwendo Waulesi wa Atelala

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anagula makina osokera pa 9 Malichi 1974, ndipo kuyambira pamenepo msewu wonse umangowatchula kuti Atelala. Amasokera pakhonde. Makinawo ndi opalasa ndi mapazi, koma iwo anazolowera kupalasa ndi phazi lamanja lokha. Mwendo wamanzere amaupinda kunsi kwa mpando ngati mlendo wamanyazi.

Chaka chatha bondo lamanzerelo linauma. Podzuka ankayamba agwira khoma. Ana awo anagwirizana kuti dokotala akangoti vuto ndi kusoka, makina achoka pakhomopo. Alamu atamva zimenezi anasowa tulo.

Pa 14 Meyi ine ndi mng'ono wanga tinawaperekeza kuchipatala. Panjira anatichenjeza kuti, "Za kusoka musakatchule. Ine ndinapuma kalekale."

Dokotala wake anali mtsikana wansangala. Anadina bondolo, kulipinda, kuliwongola, kenako n'kuyang'ana chithunzi cha mafupa chimene anawajambula.

"Agogo, iyi ndi nyamakazi," anatero. "Mafupa akukhulana, ndipo minofu ya mwendo uwu yafooka. Koma wamanjawu ndiye ngati wa mnyamata! Mumagwira ntchito yanji?"

"Palibe, mwananga. Ndimangokhala."

Dokotala anawalembera mankhwala ochepetsa ululu ndi ena opaka, kenako anakoka mpando. "Mankhwala paokha sakwanira. Tsiku lililonse muzikhala chonchi, n'kumakweza ndi kutsitsa phazi. Chidendene, zala, chidendene, zala."

Mng'ono wanga anayesa kudzigwira pakamwa, koma phwete! Anaseka mpaka misozi.

"Adokotala, zimenezo bambowa anaziyamba tisanabereke mwana woyamba! Kungoti ndi mwendo winawo."

"Mayi, tinapangana chiyani panjira?" anatero alamu, maso ali psuu.

"Musawakalipire, agogo," anatero dokotala. "Munthu wongokhala sayenda ndi singano pakolala. Kasokeni ndithu, koma wamanzerewu nawonso ulowe ntchito, pang'onopang'ono. Muzidzukako n'kuyendayenda, ndipo bondo likatupa muzipuma."

Alamu anawongoka pampando. "Tabwerezani mawu amenewo mokweza, alamu angawa amvetsetse. Awa saiwala kanthu, ndi tsiku lomwe akakumbukira."

Madzulo ake ndinakachitira umboni pamaso pa ana. Mwana wawo wamkulu anangokanda m'mutu, n'kubwezera lamba wa makina amene anali atabisa kale.

Mwendo wamanzere unayambira ntchito pa siketi yanga yatchalitchi. Nditakaitenga, ndinapeza mpendero ukukhotakhota ngati njira ya woledzera.

"Alamu, ulusiwu umapita kuti?"

"Pepani, wasoka ndi wophunzira ntchito," anatero akusisita bondo. "Wakhala akuonerera zaka zonsezi, koma mutu wake ndi wouma."

Siketiyo ndimaivala ndithu. Makina akadali pakhonde, ndipo masiku ano Atelala amadzuka osagwira khoma, pokhapokha ngati kwazizira.